Nkhungu imene anzathu amailipirira ndege, ife tikuiotcha makala

Abale anzanga a kuno ku Dubai, July akafika palibe amene amafunsa kuti tili mwezi wanji. Thupi limanena lokha. Ukangotsika basi pa Al Ghubaiba kuti uwoloke msewu, malaya amakhala atanyowa kale, ndipo mphepo imene imakuwomba kumaso imakhala ngati yatuluka mu uvuni wa njerwa. N'chifukwa chake boma la kuno limaletsa ntchito zapadzuwa masana, kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko, kuchokera pa 15 June kufika pa 15 September chaka chilichonse. Ife timangopirira, titani nanga? Koma amene ali ndi kangachepe m'thumba amatseka nyumba n'kuthawa. Ena amapita ku Georgia, ena ku Bosnia, ena kumapiri a tiyi a ku Kerala, ndipo ambiri amayendetsa galimoto makilomita oposa 1,000 kupita ku Salalah, kummwera kwa dziko la Oman.

Kukatani ku Salalahko? Kukaona nkhungu basi. Nyengo imene eniake amaitcha khareef, kuyambira chakumapeto kwa June mpaka September, mapiri a kumeneko amabiriwira, kamvula kamawaza tsiku lonse, dzuwa osaoneka. Mnzanga wina wa kuntchito, Mluya, atabwerako chaka chatha anandionetsa kanema pafoni: ana ake akuthamanga m'kamvulako, iye atatambasula manja, nkhope kumwamba, akuseka ngati wapata mwayi waukulu. Anandifunsa ngati ndinaonapo zoterezi chibadwire. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati: "Achimwene, kwathu chimenecho timati chiperoni, ndipo chikabwera amayi amangodandaula kuti zovala siziuma."

Usiku umenewo, nditagona pabedi langa lapamwamba m'chipinda chathu chothithikana chija, kuseka kunandithera. Ndinayamba kuwerengera. Miyezi imene kuno kumatentha koopsa ndi yomweyo imene ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Zomba kumazizira, nkhungu itakuta mapiri. Chinthu chimene anthu kuno amachilipirira ndege ndi hotela, ife tili nacho kuseri kwa nyumba. Ndipo tikuchiwononga ndi manja athu, ena a ife tili konkuno.

Mfundo yanga lero ndi imeneyo, ndipo ndiinena mosapsatira. Phiri la Mulanje lili ndi phindu lalikulu mitengo yake ili chiimire kusiyana ndi itagwa. Koma zokopa alendo sizidzalipulumutsa ngati ndalama zake sizifika kwa anthu okhala m'munsi mwake. Ndipo ife a kunja, amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kuposa mmene timaganizira.

Tiyeni tiyambe tayeza zimene tili nazo. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Ngakhale mutayeza kuchokera m'minda ya tiyi ya m'munsi, phirili limakwera mamita oposa 2,000. Burj Khalifa, imene anthu amaima pamzere n'kulipira kuti akwere, ndi mamita 828. Ndiye kuti mutasanjikiza ziwiri, pamwamba simunafikebe. Jebel Jais, phiri la ku Ras Al Khaimah limene ambiri a ife tinakajambulitsako zithunzi, silifika mamita 2,000, ndipo ndi miyala yokhayokha. Koma taonani zimene eniake anachita nalo: msewu wa phula wokhotakhota mpaka kumtunda, malo oimikapo galimoto n'kumaona patali, ndi chingwe chotsetserekapo cha makilomita pafupifupi atatu chimene anatsegula mu 2018. Ku Hatta nako, damu limodzi pakati pa miyala, timabwato tamitundumitundu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu anthu amachita kukanganirana poimika galimoto.

Sindikunyoza ayi. Ndikuti anthuwa anatenga chochepa n'kuchisamalira mpaka chinakhala chuma. Nanga ife? Tili ndi thanthwe la Chambe, limene akatswiri okwera miyala amaliwerengera m'gulu la matanthwe aatali kwambiri mu Africa. Tili ndi Dziwe la Nkhalamba pa Likhubula. Tili ndi mitsinje ya Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Likhubula imene imayambira pamwamba pomwepo. Tili ndi timanyumba togonamo alendo pamwamba pa phiri, ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani ndi kwina, moti munthu akhoza kuyenda sabata yathunthu akugona malo atsopano usiku uliwonse. Tili ndi mabwinja a Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe kale pankadutsa amalonda a akapolo. Tili ndi mpikisano wa Porters Race, pomwe anyamata ndi atsikana amathamanga kukwera phiri n'kutsika m'maola ochepa, ulendo umene mlendo amauyenda masiku awiri. Zonsezi palibe anazimanga ndi simenti. Tinazipeza.

Tizinena zoona: ndi angati mwa ife anakwerapo? Ine ndinakulira m'munsi mwa phirili, ndikuliona m'mawa uliwonse popita kusukulu, koma ndinalikwera koyamba nditakhala kale zaka zitatu kuno. Tili ana tinkadziwa kuti kukwera phiri popanda chokatenga ndi za azungu. Ife tinkapitako kukatola nkhuni kapena kukafuna bowa m'mphepete, basi. Chinandikankha ndi manyazi. Mlendo wina amene ndinamunyamula pagalimoto ya kuntchito, atamva kuti ndine Mmalawi, anayamba kundifotokozera za Sapitwa, za kuzizira kwa ku Chisepo, za mitambo imene imakhala pansi iwe uli pamwamba. Ine mwini dziko ndinangoti kukamwa yasa.

Tchuthi chotsatira ndinapita pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula, ndinalemba dzina m'buku, ndinatenga wolondolera njira ndi wonyamula katundu, n'kuyamba kukwera njira ya Chapaluka kulowera ku Chambe. Kukongola kwake sindingakufotokozereni mokwanira, mudzaone nokha. Koma chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi china. Tisanafike patali tinayamba kukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yolemera kuposa iwo eni. Kenako anyamata akutsika chothamanga, matabwa pamutu, mapazi opanda nsapato. Kutsidya kwa chigwa utsi ukufuka, wamakala. Pamwamba, wolondolera uja, bambo wachikulire ndithu, anandionetsa malo amene ali mnyamata ankadutsa mumthunzi wa mikungudza ikuluikulu. Panali zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto. Anathyola kachidutswa pachitsa china n'kundinunkhitsa. Mtengo unadulidwa kalekale, koma fungo likadalipo.

Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, koma paphiri lomweli. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Matabwa ake sadyedwa chiswe, saola msanga, ndipo amanunkhira, n'chifukwa chake anthu amawafuna popanga zitseko, mabokosi, madenga ndi maboti. Ubwino wake womwewo ndi umene waupha. Nkhalango ya Mulanje inakhala yotetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1927, koma akatswiri atayendera phirili mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Isanu ndi iwiri, abale, paphiri lonse lija. Mu 2019 mtengowu unaikidwa pamndandanda wa pangano la CITES, kutanthauza kuti malonda ake kunja kwa dziko amafunika chilolezo chapadera. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi magulu a m'midzi amene amafesa mbande, akhala akudzala ina yambirimbiri. Koma mkungudza si chimanga choti udzale December n'kukolola April. Umatenga zaka makumimakumi, ndipo moto umodzi wa osaka mbewa kapena akalulu umatha kupsereza ntchito ya zaka zisanu tsiku limodzi.

Tsono yerekezani ndi kuno. Mtengo wa fuko la United Arab Emirates ndi ghaf, umene anaulengeza mu 2008. Ndi kamtengo ka m'chipululu kooneka ngati mthethe, koti kwathu mbuzi zikanangokadya osakaganizira. Koma tayesani kukadula muone. Lamulo limakugwirani, chindapusa chake n'chowawa, ndipo aliyense amadziwa kuti si nkhambakamwa. Kwathunso lamulo lilipo. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhale zokhwima. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno lamulo limaluma aliyense, pomwe kwathu limaluma mnyamata wosenza thabwa limodzi, koma lole yonyamula matabwa mazana imadutsa pamalo ofufuzira usiku ngati yanyamula mpweya.

Apa ndi pomwe ndikufuna tidziyang'ane tokha. Mnyamata wosenza thabwa uja sadula mtengo kuti akaukhazike pabalaza pake. Alipo amene akugula. Ndipo ogula amakono ndi ndani? Ndi amene ali ndi ndalama zomangira. M'midzi ndi m'matauni a kwathu, nyumba zambiri zatsopano zikumangidwa ndi ndalama za ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Dublin ndi za kuno ku Gulf. Tikatumiza madirham kuti atiumbire njerwa 30,000, timafunsa kuti nkhuni zootchera uvuniwo zichokera kuti? Kalipentala akatiimbira foni kuti wapeza matabwa a mkungudza a zitseko pamtengo wabwino, timati chiyani? Ine ndinati: "Gulani msanga asanatenge ena." Inde, ndikuvomera. Nyumba yanga ili ndi zitseko ziwiri za mkungudza, ndipo ndinkanyadira alendo akamayamikira fungo lake. Nditanunkhiza chitsa chija pamwamba pa phiri, ndinazindikira fungo la pakhomo panga.

Si zitseko zokha. Ndalama ya makala imene timatumizira amayi mwezi uliwonse, thumba limenelo limachokera m'phiri linalake. Tikamabwerera kuno tchuthi chitatha, timagula timabokosi ta mkungudza kuti tikapatse mabwana ndi anzathu a kuntchito, ati kutsatsa dziko. Kutsatsa dziko pogulitsa mafupa ake? Munthu mmodzi ukaona ngati n'zochepa. Koma tilipo ambiri, ndipo ndalama yathu ikasinthidwa kukhala makwacha imalankhula mokweza kuposa ya wina aliyense m'mudzi.

Wina anena kuti mitengo ndi mitengo basi, bola ana adye. Koma phiri lija ndi thanki ya madzi. Kuno madzi amene timamwa amachokera m'nyanja yamchere, amachita kusefedwa ndi makina akuluakulu ku Jebel Ali, ndipo ndalama zake n'zosasimbika. Kwathu ntchito yomweyo imagwiridwa ndi nkhalango mwaulere. Nkhungu ikagunda masamba imasanduka madontho, mizu ndi zinyalala za pansi zimasunga madziwo ngati thonje n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Minda ya tiyi imene imalemba ntchito anthu masauzande imadalira madzi amenewo. Mipopi ya m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe imadalira madzi amenewo. Ngakhale Blantyre Water Board inachita kuika mapaipi kuchokera ku Likhubula kukafika ku Nguludi kuti anthu a mumzinda amwe. Mukachotsa nkhalango, madzi amabwera onse tsiku limodzi m'dzinja, October mitsinje ili gwa.

Ndipo madzi akabwera tsiku limodzi tikudziwa zimene amachita. Akuluakulu a ku Phalombe saiwala Napolo wa mu March 1991, pomwe madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Ife tonse sitidzaiwala namondwe wa Freddy mu March 2023. Ambiri tinagona maso kuno, foni m'manja, tikuimba manambala osalowa. Anthu oposa 1,000 anafa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Blantyre ndi kuchigwa cha Shire. Sindikunena kuti mitengo ikanaimitsa namondwe. Mvula ija inali yoopsa, ndipo malo ena okhala ndi mitengo anagumukanso. Koma phiri lometedwa mpala siligwira dothi ngati phiri la nkhalango, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndipo nyumba zikagwa, ndani amatumiza ndalama zomangiranso? Ife tomwe. Timalipira kawiri: poyamba kudula, kenako kulira.

Mu July 2025 kunabwera nkhani yabwino. Bungwe la UNESCO, pamsonkhano wake ku Paris, linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ndi malo achitatu a Malawi, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula zamakedzana za ku Chongoni mu 2006. Chosangalatsa n'chakuti phirili linalowa chifukwa cha chikhalidwe: ubale wa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ndi phiri lawo, malo a nsembe, ndi chikhulupiriro chakuti kumeneko kumakhala mizimu ya makolo. Zija tinkazichitira manyazi kusukulu, zoti ukapeza chakudya m'phiri uzingodya osaitana mnzako, ndi zomwe dziko lapansi lati n'zamtengo wapatali. M'magulu athu a WhatsApp tinatumizirana nkhaniyi ndi timbendera tambirimbiri. Koma chikalata cha ku Paris sichigwira nkhwangwa padzanja.

Sichiletsanso njala ya migodi. Kuyambira nthawi ya atsamunda zimadziwika kuti pamwamba pa phiri, kudera la Lichenya, pali miyala ya bauxite yopangira aluminiyamu, ndipo nkhani yoikumba imangotuluka n'kubwerera ngati chimfine. Mafumu ndi mabungwe ambiri akhala akuikana. Andale athu amakonda kunena kuti chuma cha dziko chidzachokera ku ulimi, zokopa alendo ndi migodi. Chabwino. Koma pa Mulanje zitatuzi sizingadyere mbale imodzi. Bauxite amakumba pochotsa dothi lonse lapamwamba, pamalo pomwe mitsinje imayambira. Mgodi umatha, kampani n'kunyamuka. Phiri losamalidwa silitha. Ine ndili kumbali ya amene akuti ayi.

Tsono ndimve mbali inayo, chifukwa ndikuidziwa. Mchimwene wanga wa kumudzi anandiuza mosabisa kuti n'kosavuta kukonda mitengo uli m'chipinda chozizira ku Dubai, malipiro akubwera mwezi ukatha. Ananena zoona. Mulanje ndi Phalombe ndi maboma odzaza anthu, malo ambiri abwino ali m'maesiteti, ndipo banja limalima kamunda kosakwana kudya chaka chonse. Mnyamata amene akucheka matabwa usiku m'nkhalango, pachisanu chija, sakuchita masewera. Akufuna fetereza, akufuna fizi ya mwana. Ukamuuza kuti asiye chifukwa cha alendo, adzakufunsa kuti alendowo anamupatsapo chiyani. Ngati yankho ndi lakuti palibe, ndiye kuti mtengowo ugwa basi, kaya UNESCO kaya ndani.

N'chifukwa chake ndikuti funso si lakuti alendo abwere kapena ayi. Funso ndi lakuti ndalama yawo ikutsikira m'thumba la yani. Mlendo akalipira zonse ku kampani ya kunja asananyamuke, n'kubwera pagalimoto yotseka mawindo, chakudya atagula ku Blantyre, n'kunenerera wonyamula katundu mpaka kumutsitsa mtengo, mudzi umangotsala ndi fumbi ndi mabotolo apulasitiki. Koma mlendo akatenga wolondolera wa pa Likhubula, onyamula katundu awiri, n'kugula chinanazi ndi nthochi pa Chitakale, n'kugona panyumba ya alendo ya munthu wa komweko, n'kupatsa kenakake mlonda wa kanyumba ka pamwamba, ulendo umodzi umadyetsa mabanja asanu kapena kuposa. Ndipo mawa lake phiri likadalipo kudikira mlendo wina. Thabwa umagulitsa kamodzi. Njira ya ku Sapitwa umaigulitsa chaka ndi chaka. Ambiri mwa anyamata onyamula katundu akhoza kukuuzani okha kuti alendo akachepa, macheka ndi amene amawaitana.

Sindikunenanso kuti titengere Dubai. Mu 2024 mzinda uno unalandira alendo ochokera kunja okwana 18.72 miliyoni, kuposa chiwerengero cha Amalawi onse pakalembera wa 2018. Mulanje sangalandire khamu lotero, ndipo sakufunika kutero. Walira mvula walira matope: alendo ochuluka amabwera ndi zinyalala, phokoso, kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndi anthu andalama olanda malo a m'mphepete mwa mitsinje. Amene anafikapo pa Dziwe la Nkhalamba tsiku la tchuthi litangotha anaona mabotolo osweka ndi mapepala amene ife eni dziko timasiya. Kuno anachita kumanga chipale chofewa m'kati mwa Mall of the Emirates ndi nkhalango ya m'nyumba yagalasi ku City Walk chifukwa zenizeni alibe. Ife tisawononge zenizeni pofuna kufanana ndi zopanga. Zimene tingatengere kuno ndi zing'onozing'ono koma zofunika: chimbudzi chaukhondo, chikwangwani cholozera njira, mtengo wolembedwa poyera woti aliyense aone, lisiti ukalipira, ndi munthu woyankha foni.

Kuboma pempho langa ndi lalifupi. Ndalama zolowera m'nkhalango zizioneka pomwe zapita, ndipo gawo lina lizibwerera kumidzi yozungulira, anthu aziona mjigo kapena chipinda cha sukulu n'kudziwa kuti ichi chachokera m'phiri. Alonda a nkhalango alipidwe bwino ndipo akhale okwanira. Agwidwe ogula akuluakulu, osati osenza okha. Ndipo msika wa kuno ku Gulf auganizire mozama. Chaka chilichonse ku Dubai World Trade Centre kumachitika chionetsero cha Arabian Travel Market, komwe mayiko amadzatsatsa malo awo. Pa Expo 2020 Malawi anali ndi nyumba yakeyake ya chionetsero, ndipo tinanyadira. Koma uthenga wathu nthawi zambiri umakhala nyanja ndi nyama zakutchire. Munthu wa kuno nyanja ali nayo, dzuwa latopa naye. Muuzeni za July wozizira, za moto wa nkhuni m'kanyumba ka paphiri, za minda ya tiyi yobiriwira mpaka pomwe maso alekezera, za dziko lomwe mizikiti ndi nyama ya halaal sizisowa. Ulendo wake ndi wongosintha ndege kamodzi ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

Koma boma tilisiye kaye, tinene zathu. Choyamba, amene tikumanga, tiyeni tileke njerwa zootcha ndi nkhuni. Mabuloko a simenti alipo m'matauni onse, ndipo boma lenilenilo linaletsa njerwa zootcha pazomanga zake kuyambira mu 2018. Inde, poyamba amaoneka okwera mtengo, koma khoma limakwera msanga ndipo matope omangira amalowa ochepa. Kalipentala akatchula mkungudza, yankho likhale ayi, ngakhale atalumbira kuti ndi wakale. Paini ndi bulugama wodzalidwa alipo. Chachiwiri, m'malo motumiza ya makala mwezi ndi mwezi mpaka kalekale, tigulireni makolo kasilinda ka gasi ngati ali pafupi ndi tauni, kapena chitetezo mbaula ngati ali kumudzi. Kuno tonse timaphikira gasi kapena magetsi, ndipo palibe anafa nazo njala.

Chachitatu, tchuthi chikubwerachi, patulani masiku awiri kapena atatu. Ndikudziwa mmene tchuthi chathu chimathera: maliro, ziliza, zinkhoswe, milandu ya malo, ndi abale obwera kudzapereka moni m'mawa uliwonse. Komabe masiku awiri sangagwetse nyumba. Kuchokera ku Limbe maminibasi a ku Mulanje sasowa, mukatsikira pa Chitakale n'kupeza ya ku Likhubula. Tengani ana. Tengani adzukulu amene amangoona phirili pawindo la kalasi. Tengani juzi yokhuthala chifukwa pamwamba usiku kumazizira zenizeni. Mulipireni wolondolera ndi wonyamula katundu mtengo wonse, osanenerera. Ife amene timadziwa kuwawa kwa kunyamula katundu wa eni padzuwa la kuno, tisakhale oyamba kufinya mnzathu kwathu. Ndipo musakwere nokha. Dzina lakuti Sapitwa silinangobwera. Nkhungu imatseka njira m'kanthawi kochepa, ndipo alendo ena amene anapita okha, monga mnyamata wa ku Brazil mu 2009, sanabwerere amoyo. Amene kwanu ndi kutali ndi Mulanje, phiri la Zomba lilipo, Dedza alipo, Ntchisi alipo, Nyika ndi Viphya ziliko. Nkhani yake ndi yomweyi.

Chachinayi, pakamwa pathu. Ambiri a ife timagwira ntchito m'mahotela, m'malesitilanti, pamataxi, m'masitolo, m'nyumba za anthu ndi pazipata. Tsiku lililonse timalankhula ndi anthu amene amayenda maiko. Akatifunsa kuti kwanu n'kuti, timayankha motsitsa mawu, kenako n'kuwonjezera kuti ndi dziko losauka, pafupi ndi Tanzania. Anzathu a ku Nepal safotokoza dziko lawo choncho. Amatulutsa foni n'kukuonetsa mapiri. A ku Kenya amakuonetsa Maasai Mara usanafunse n'komwe. Ifenso tikhale ndi zithunzi zathu, zojambula tokha, ndi nambala ya wolondolera amene tinayenda naye. Koma munthu sungatsatse malo amene sunapondepo. N'chifukwa chake chachitatu chija chili patsogolo pa chachinayi.

Ndipo magulu athu a kuno, amene timasonkherana pakagwa maliro, bwanji osapatula kangachepe kamodzi pachaka kothandizira gulu limodzi la kumudzi lofesa mbande, kapena kulipira anyamata olambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike? Osangotumiza n'kuiwala ayi. Wopita kutchuthi azikaona ndi maso, n'kudzatiuza kuti mbande zingati zapulumuka. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu tili nayo yambiri kuno, kuyambira ku Deira mpaka ku Sonapur ndi Al Quoz.

Tonse tikudziwa kuti kuno si kwathu. Viza imatha, kontilakiti imatha, mphamvu nazo zimatha. Tsiku lina aliyense wa ife adzakwera ndege yomaliza n'kukakhala pakhonde la nyumba imene akuimanga lero. Funso ndi lakuti akadzakweza maso adzaona chiyani: phiri lobiriwira nkhungu itakuta, mitsinje ikuyenda mpaka October, ana a m'mudzi akulondolera alendo, kapena chimwala chopanda kanthu chonga zomwe tazitopera kunozi, chodikira mvula yotsatira kuti chitsike pamitu pathu.

Zitseko zanga ziwiri zija sindingazibwezere m'phiri. Koma mnzanga wa ku Salalah uja ndamulonjeza kuti July wa chaka chamawa, Mulungu akalola, ndidzamutenga pamodzi ndi ana ake akaone chiperoni chenicheni. Wavomera, ndipo wayamba kale kufunsa za ndege. Ndikungopempha kuti tikadzafika pa Chambe, ndidzakhale ndi choti ndimuonetse kuposa zitsa.